Chaka chatha chimalemera bwanji m'mutu mwa mlimi?

 Mu pulogalamu yathu ya lero, yopita kwa omvera a kuno ku Mwanza, kuyambira paboma, kwa Kanduku, kwa Nthache, ku Thambani, mpaka kumalire a Zobue, tikambirana za ubongo wa munthu, makamaka mmene umagwiritsira ntchito zimene tinakumana nazo kale pamene tikufuna kumanga mfundo. Nkhaniyi ikumveka ngati ya m'kalasi la madokotala, koma kwawo kwenikweni ndi kumunda. Mvula ya chizimalupsa ikangogwa, banja lililonse limakhala ndi mafunso omwewo: tidzale liti, mbewu yake iti, nandolo tiike wambiri kapena wochepa, ndalama ya kubanki mkhonde tigulire feteleza kapena mbuzi. Za mawa palibe amazidziwa, choncho tonse timacheuka n'kufunsa zaka zimene zinapita. Mfundo yanga lero ndi yakuti zaka zimenezo ubongo suziyesa mofanana. Chaka chimene changotha kumene, chinthu chimene chinatidzidzimutsa, ndi chimene chinatipweteka, umazilemeretsa kuposa zonse. Pa zambiri za moyo zimenezi zimatithandiza, koma pa ulimi ndi pa malonda a mbewu zimatisocheretsa, ndipo kasocheredwe kake ndi kodziwika. Mlimi wochenjera, asanapachike thumba lake pa sikelo ya venda, amayamba waona ngati muvi uli pa ziro. Sikelo ya m'mutu nayonso ndi yofunika kuiona chomwecho.

Tiyambe ndi nandolo, poti ambiri a inu munaziona ndi maso. Msika waukulu wa nandolo amene dziko lino limagulitsa kunja uli ku India, kumene amadyedwa ngati ndiwo ya tsiku ndi tsiku. M'zaka za 2014 ndi 2015 mvula inavuta m'dzikomo, zokolola zinachepa, ndipo mtengo wa nandolo unakwera zedi. Mavenda anazungulira midzi ya chigawo chakumwera ndi masikelo awo, ndipo mlimi amene anali ndi matumba angapo anagwira ndalama imene anali asanaionepo pa mbewuyi. Dzinja lotsatira aliyense anawonjezera munda. Koma amene anaona mtengo wokomawo sanali alimi a Mwanza, Neno, Chiradzulu ndi Mulanje okha. Anzathu a ku Mozambique anauona, a ku Tanzania anauona, ndipo koposa onse, alimi a ku India komweko anauona n'kudzala mochuluka. Mvula inawakomera, anakolola kuposa kale lonse, ndipo mu Ogasiti 2017 boma lawo linalamula kuti nandolo wolowa m'dzikomo asapitirire matani 200,000 pachaka. Mtengo unagwa pansi. Matumba anaunjikana m'nyumba, anankafumbwe akuwononga, ndipo alimi ambiri analumbira kuti nandolo sadzamudzalanso kupatula wa ndiwo. Kenaka zinthu zinatembenukanso. Mu 2021 India inamasula msika wake, n'kusainirana ndi Malawi mgwirizano wogula matani 50,000 chaka chilichonse kwa zaka zisanu, ndipo amene anali atamusiyiratu nandolo anangoonerera anzawo akugulitsa.

Taonani kuti pa maulendo onse awiri, powonjezera munda ndi posiya mbewuyo, mlimi anatsata lamulo limodzi: chimene chachitika chaka chatha ndicho chichitikenso chaka chino. Sindikunena zimenezi monyoza aliyense. Lamulo limeneli lili m'minyewa ya mlimi, ya mphunzitsi, ya nduna, ndi ya katswiri wa zachuma yemwe, ndipo ofufuza analiona likugwira ntchito.

Katswiri wina wochokera ku Germany, Wolfram Schultz, anatha zaka zambiri ku Fribourg m'dziko la Switzerland akufufuza maselo a mu ubongo wa anyani, maselo amene amatulutsa mankhwala otchedwa dopamine. Ankagwiritsa ntchito kawaya kowonda kwambiri kamene kankamva selo imodzi ikamagwira ntchito. Nyani akapatsidwa kadontho ka madzi otsekemera a zipatso mosayembekezera, maselowo ankatakataka mwamphamvu. Kenaka ofufuza anayamba kuonetsa chizindikiro, monga kuyatsa kanyali, kanthawi pang'ono asanapereke kadonthoko. Nyani atazolowera, maselo anayamba kutakataka kanyali kakangoyaka, ndipo kadontho kakafika ankangokhala monga mwa nthawi zonse, ngati palibe chachitika. Nthawi zina kanyali kankayaka koma kadontho osabwera, ndipo pa mphindi yeniyeniyo imene kanayenera kufika, maselo ankati zii, kutsika kuposa mmene amakhalira. Mu 1997 Schultz, pamodzi ndi Peter Dayan ndi Read Montague, anafotokoza tanthauzo la zimenezi. Maselowa sawerenga kukoma kwa chinthu. Amawerenga kusiyana kwa chimene unayembekezera ndi chimene wapeza, ndipo kusiyana kumeneko ndiko kumakonza chiyembekezo chako cha ulendo wotsatira.

Ngati ubongo umaphunzira ndi kudabwa, ndiye kuti chaka chimene mvula inagwa bwinobwino, chimanga n'kucha monga mwa masiku onse, sichisiya chizindikiro chachikulu. Funsani munthu wamkulu aliyense za nyengo: akuuzani za chilala cha 1992, njala ya 2002, madzi osefukira a 2015. Mukamufunsa za zaka za pakati pa zimenezi angoti zinali bwino, osatha kusiyanitsa china ndi chinzake. Komatu zaka zopanda mbirizo ndizo zambiri, ndipo ndizo zikanatiuza mmene mvula ya kuno imagwera nthawi zambiri. Pali chinanso. Popeza chochitika chatsopano chilichonse chimasuntha chiyembekezo pang'ono, zakale zimanka zifufutika pamene zatsopano zikuunjikana pamwamba pake. Mu 2005 Hannah Bayer ndi Paul Glimcher, ku New York, anayeza zimenezi mu maselo omwewo a dopamine ndipo anapeza kuti mphotho ya ulendo wapitawu ndiyo imalemera kwambiri, ya ulendo wa kumbuyo kwake imapepukirapo, ndipo ukabwerera maulendo angapo kulemera kumakhala kutatheratu. Mtengo wa nandolo wa chaka chatha umamveka m'mutu momveka bwino. Wa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo umakhala ngati maloto.

Kodi ubongo unalengedwa molakwika? Ayi. Dziko limasintha, ndipo nyama imene imaumirira zakale imafa ndi ludzu pachitsime chouma. Funso lenileni limene ubongo umalimbana nalo ndi ili: chimene changochitikachi, kodi chikusonyeza kuti zinthu zasintha, kapena langokhala tsoka la ulendo umodzi? Mu 2007 gulu la Timothy Behrens ku Oxford linapatsa anthu masewera osankha pakati pa makadi awiri, lobiriwira ndi labuluu. Pa chigawo china cha masewerawo khadi limodzi linkapambana katatu pa maulendo anayi kwa nthawi yaitali. Pa chigawo china mwayi unkasinthasintha mbali pafupipafupi. Anthuwo sanauzidwe zimenezi, koma anazitulukira okha. Pamene zinthu zinali zokhazikika, akaluza kamodzi sankatekeseka. Pamene zinkasinthasintha, ankasintha maganizo mofulumira. Ndiye kuti luso lodziwa nthawi yokhulupirira zatsopano ndi nthawi yogwiritsa zakale tili nalo. Koma anthu a ku Oxford aja anasankha maulendo oposa 200 pa tsiku limodzi, yankho likubwera nthawi yomweyo. Mlimi amasankha kamodzi pachaka, yankho n'kulilandira patapita miyezi isanu. Amene anayamba kulima payekha ali ndi zaka 20, pofika zaka 60 amakhala atayesa maulendo 40 okha, ndipo pa maulendo amenewo mbewu, feteleza, nthaka ndi mitengo ya pamsika zonse zinali zikusintha. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mayi wogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu wa paboma amaphunzira msanga kuti basi iti imaima, wogula uti amanenerera, mulu uti umayenda, chifukwa amayesa kambirimbiri tsiku lililonse, ndipo pa zimenezi mutu wake sumunamiza. Mayi yemweyo akafika posankha tsiku lodzalira chimanga, ubongo wake womwewo ulibe pogwira pokwanira.

Pa msika wa mbewu pali msampha woposa pamenepa. Mvula siimva zimene alimi aganiza, koma mtengo umamva. Mtengo ukakwera, anthu masauzande m'maiko angapo amadzala mbewu imodzimodziyo, ndipo kuchuluka kwa zokololazo ndiko kumaugwetsa. Ukagwa, ambiri amathawa, mbewu imasowa, mtengo umadzuka. Choncho pamenepa chaka chatha sichimangolephera kulosera chaka chino, koma kawirikawiri chimaloza kumbali yosiyana. Amene walima tomato kapena anyezi atamva kuti mnzake anapha makwacha chilimwe chatha akudziwa zimene ndikunena.

Tsopano tibwere pa zowawa. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anasonyeza mu 1979 kuti anthu sayesa kutaya ndi kupeza mofanana, ndipo kafukufuku wawo wotsatira anapeza kuti kutaya ndalama kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kupeza ndalama yomweyo kumakondweretsera. Ntchito imeneyi inapatsa Kahneman mphotho ya Nobel mu 2002. Kale iwo asanatero, John Garcia ku America anali ataona kuti khoswe akamwa madzi a kakomedwe kachilendo n'kudwala pambuyo pake, amawakana madziwo ngakhale zinangochitika kamodzi kokha, ngakhalenso chimene chinamudwalitsa chinali china. Ubongo ukapwetekedwa umafunafuna wolakwa, ndipo umagwira chimene chinali chachilendo. Taganizirani mlimi amene anayesa mbewu yatsopano kapena ulimi wophimbira nthaka mu 2017, chaka chimene mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija zinafalikira m'dziko muno. Munda unaonongeka, ndipo mlandu unagwera mbewuyo kapena mapesi ophimbirawo, chonsecho munda wa mnzake wolimidwa mwa masiku onse unaonongekanso. Chinthu chatsopano chikakumana ndi chaka choipa pa ulendo wake woyamba, sichipatsidwanso mpata wachiwiri. Ndimamva chisoni ndikaganiza kuti ndi njira zingati zabwino zimene zinakanidwa m'midzi mwathu chifukwa chongofika pa chaka cholakwika, ndiponso ndi zingati zachabechabe zimene zinakondedwa chifukwa zinafika pa chaka cha mvula yabwino.

Kumbali inayo kuli ngozi imene sitinakumanepo nayo, ndipo imeneyo ubongo umaiyesa ngati kulibe. Mu 2004 Ralph Hertwig ndi anzake anasonyeza kuti anthu akamaphunzira za mwayi poyesa okha, m'malo mouzidwa ziwerengero, zinthu zochitika kamodzikamodzi amazipeputsa, pa chifukwa chosavuta kumvetsa: pa maulendo ochepa amene anayesa, ambiri sanakumane nazo n'komwe. Napolo anagumula phiri ku Zomba mu 1946, anagumulanso ku Phalombe mu 1991. Pofika mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anafika, panali patapita zaka 32 chichitikire cha ku Phalombe, ndipo Amalawi ambiri anabadwa pambuyo pake. A zanyengo anachenjeza masiku angapo namondweyo asanafike, koma munthu amene wagona m'nyumba yake madzinja makumi awiri osaona phiri likutsika anali ndi umboni wa m'mutu womuuza kuti palibe chichitike. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo Mwanza inali m'gulu la maboma amene analengezedwa kuti agwa m'ngozi. Ndinene momveka kuti sindikuimba mlandu amene anataya miyoyo; ambiri analibe kothawira, ndipo ena madzi anawapeza usiku. Ndikungonena kuti chenjezo lomveka pa wailesi limalimbana ndi zaka makumi awiri za mtendere, ndipo kawirikawiri limagonja. Ngozi ikachitika mantha amakwera kwambiri, kenaka amayamba kuzilala. Ku America, Justin Gallagher anapeza kuti madzi akasefukira anthu amathamangira kugula inshuwalansi ya nyumba, koma pasanathe zaka khumi chiwerengero chimabwerera pakale. Ifenso tisadabwe tikadzaona nyumba zikumeranso m'khwawa momwe munadutsa madzi.

Kafukufuku wina waposachedwa akusonyeza kuti zakalezi zimalowerera mozama kuposa mmene tinkaganizira. Mu 2025 gulu la malabotale a ku Ulaya ndi ku America lotchedwa International Brain Laboratory linafalitsa zimene linapeza pa mbewa. Mbewa inkaonetsedwa kachithunzi kumanzere kapena kumanja, ndipo inkayenera kutembenuza kagudumu kuti ilandire madzi. Kwa kanthawi kachithunzi kankaonekera mbali imodzi maulendo asanu ndi atatu pa khumi alionse, kenaka mbali n'kusintha popanda chenjezo. Kachithunzi kakazimiririka moti sikakuoneka, mbewa inkalota potengera maulendo apitawo, ndipo inkalondola kuposa mmene ikanachitira mongoponya. Chiyembekezo chimenecho sichinapezeke pamalo amodzi a ubongo. Chinali chomwazikana m'zigawo zambiri, kuphatikizapo zimene zimalandira uthenga wochokera m'maso. Ofufuzawo anaonanso kuti mbewa zinkatsamira kwambiri pa zimene izo zinasankha maulendo apitawo kuposa pa zimene zinaonetsedwa. Ngati zimenezi zilinso mwa ife, ndiye kuti munthu akaima pakhomo n'kuyang'ana mitambo kumapiri a Thambani, chaka chatha chili kale m'maso mwake, ndipo chimene amachitcha kudziwa nthawi zina chimangokhala chizolowezi cha zimene wakhala akuchita.

Wina anena kuti, “Zimenezo n'za anyani ndi mbewa za ku Ulaya, zikukhudza chiyani munthu wa kwa Nthache?” Funsoli n'loyenera. Munthu si mbewa. Amalankhula, amawerenga, amafunsa nzeru, ndipo ambiri mwa anthu amene anayesedwa m'makafukufuku amenewa anali a m'maiko olemera, osati alimi a kuno. N'chifukwa chake sindikuika mtima pa ziwerengero zake zenizeni, monga kunena kuti kutaya kumapweteka kawiri ndendende. Koma maselo a dopamine alipo mwa munthu aliyense, ndipo makina ojambula ubongo asonyeza kuti kudabwa kumagwiranso ntchito yomweyo mwa anthu. Ndiponso umboni wa nandolo, wa tomato ndi wa nyumba za m'khwawa sitinaupeze ku Oxford. Kusiyana kwa munthu ndi mbewa ndiko kukutipatsa chiyembekezo, chifukwa mbewa singabwereke zokumana nazo za inzake, pamene ife tingathe.

Winanso anena kuti ndikunyoza nzeru za makolo, chonsecho mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Apa tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timakonda kuziphatikiza. Pali mwambo wa ulimi, ndipo pali chikumbumtima cha munthu mmodzi wachikulire. Mwambo wodzala chimanga, nandolo, maungu ndi khobwe m'munda umodzi, wosunga kamunda ka chinangwa kapena mapira, wosagulitsa chakudya chonse pokolola, sunachokere m'mutu mwa munthu mmodzi. Unasefedwa ndi mibadwo imene inaona njala ya 1949 ndi zina zakale kuposa pamenepo, ndipo ndi njira yeniyeni yopatsira kulemera zaka zimene ife sitinazione. Amene anagwiritsa mwambo umenewu mu 2017 sanagone ndi njala chifukwa cha nandolo, pakuti nandolo sanali chuma chawo chonse. Mwambo wotere ndikuuikira kumbuyo ndi mtima wonse. Koma gogo mmodzi akamanena kuti kale mvula inkayamba tsiku lakutilakuti chaka chilichonse, akulankhula ndi ubongo wofanana ndi wanga ndi wanu, umene umasunga zodabwitsa n'kutaya zamasiku onse. Tiwamvere mwaulemu, kenaka tifunsenso agogo ena asanu, tione ngati akugwirizana. Ndipo tivomereze kuti za malamulo a boma la India makolo sanatisiyire mwambo uliwonse.

Chotsutsa chachitatu n'cholimba kuposa ziwirizi. Nyengo yasinthadi, ndiye kodi si nzeru kukhulupirira zaka zaposachedwa kuposa zakale? Mbali ina n'zoona. Dziko likutentha, ndipo asayansi amene anafufuza namondwe wa Ana ndi anzake a mu 2022 anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mphamvu ya mvula yake. Zaka khumi zapitazi ziyenera kulemera kuposa za m'ma 1970. Koma zaka khumi si chaka chimodzi. Tatsatani: mu Januwale 2022 kunali Ana, mu Malichi 2023 kunali Freddy, madzi ochuluka zaka ziwiri zotsatizana. Wotsata lamulo la chaka chatha anakonzekera madzi. Chimene chinabwera ndi ng'amba ya El Niño, imene inachititsa Pulezidenti Lazarus Chakwera kulengeza pa 23 Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi. Ngati chasintha n'chakuti nyengo ikulumphalumpha kwambiri, ndiye kuti kuthamangitsa chaka chatha n'koopsa tsopano kuposa kale, ndipo yankho lake ndi kugawa: mbewu yocha msanga pano, chinangwa apo, mbatata kudimba, mbuzi m'khola.

Nanga za a zanyengo, amene ena amati amanama? Mu 1997 kunabwera El Niño wamphamvu kwambiri, anthu a kumwera kwa Africa anachenjezedwa za chilala, koma m'madera ambiri chilala choopsacho sichinafike. Amene anachepetsa munda chaka chimenecho anamva kuwawa, ndipo monga tanena, kuwawa sikuiwalika. Koma ulosi wa nyengo umanena za mwayi, osati lonjezo. Akati mvula ikuyembekezeka kuchepa, akutanthauza kuti pa zaka zofanana ndi chino, zambiri zinali zouma, osati zonse. Kuweruza ulosi ndi chaka chimodzi chimene unaphonya ndi kulakwitsa komwe kuja kwa mlimi wa nandolo. Mu 2015 ndi mu 2023 chenjezo la El Niño linabwera mvula isanayambe, ndipo chigawo chakumwera chinaumadi.

Chotsutsa chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi cha umphawi. Munthu anganene kuti, “Inu mukuti mantha anga ndi kulakwitsa kwa ubongo, koma ine ndili ndi ekala imodzi ndi ana asanu. Ndikayesa chatsopano n'kulephera, mu Januwale ndikhala ndikusaka ganyu m'minda ya anzanga, wanga ukumera udzu.” Munthu ameneyu akunena zoona, ndipo katswiri aliyense amene angamutche wosamva sakudziwa njala. Kwa amene alibe pothawira, kulemeretsa kutaya kuposa kupeza ndi nzeru yeniyeni, chifukwa chaka chimodzi choipa chingagulitsitse mbuzi, malata ndi sukulu ya mwana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choncho sindikupempha aliyense kuti achotse mantha. Ndikupempha kuti mantha aloze pamene pali ngozi yeniyeni. Taonani kuti lamulo la chaka chatha silimangochititsa munthu mantha. Mu 2016 linachititsa anthu osauka omwewo kuika munda waukulu ndi ngongole pa mbewu imodzi yodalira msika wa kutsidya la nyanja. Pamenepo mantha akanathandiza, koma mtengo wokoma wa chaka chimodzi unawagoneka tulo.

Popeza vuto ndi kuchepa kwa maulendo oyesera, mankhwala ake ndi kuwachulukitsa popanda kuika banja pachiswe. Mbewu yatsopano iyesedwe pa mizere khumi, pambali penipeni pa mbewu yakale, nthaka imodzi, tsiku lodzala limodzi, feteleza wofanana, kuti chaka chikaipa tione ngati zonse zaipa kapena imodzi yokha. Iyesedwe madzinja atatu isanaweruzidwe. Kalabu ya alimi makumi awiri ikachita zimenezi n'kukhala pansi pokolola kufananitsa, aliyense amapindula ndi mayeso makumi awiri pa dzinja limodzi. Koma pano pali malire ofunika kuwadziwa: alimi makumi awiri a mudzi umodzi amalandira mvula imodzi ndi mtengo umodzi. Pa mbewu ndi manyowa anansi akukwana, koma pa mvula ndi pa msika chofunika ndi zaka zambiri, ndipo zaka zambiri zimasungika papepala, osati m'mutu. Kope la mwana wasukulu likukwana. Mzere umodzi pachaka: tsiku limene mvula yodzalira inagwa, masiku amene ng'amba inatha, matumba amene analowa m'nyumba, mtengo wa ndowa ya nandolo mu Ogasiti ndi mu Novembala. Pakatha zaka zisanu tsamba limenelo limayamba kutsutsana ndi chikumbumtima, chifukwa chaka chopanda mbiri nacho chili ndi mzere wake wofanana ndi wa chaka cha Freddy.

Sitiyenera kudikira zaka zisanu kuti tiyambe. Nthambi yoona zanyengo ili ndi ziwerengero za mvula za zaka makumimakumi kuchokera m'malo ake oyezera, monga a ku Chileka. Njira ina yotchedwa PICSA, imene inakonzedwa ku yunivesite ya Reading ku England ndipo yagwiritsidwa ntchito m'maboma ena a dziko lino monga Balaka, imachita zimenezi ndendende: mlangizi amayala pepala losonyeza mvula ya chaka ndi chaka ya dera lawo, alimi eni ake n'kuwerenga kuti pa zaka makumi atatu ndi zingati zimene mvula inakwanira mbewu yakutiyakuti, ndi zingati zimene inachedwa kuyamba. Palibe amene amawauza chodzala. Amasankha okha, koma ataona zaka zonse pamodzi. Pempho langa kwa a zaulimi ndi a zanyengo ndi lakuti pepala lotere likhale lopachikidwa mu ofesi iliyonse ya alangizi m'boma lino, pambali pake pakhale lina la mitengo ya nandolo ndi chimanga ya zaka khumi, ndipo onse awiri aziwerengedwa pa misonkhano ya mafumu ndi ya makalabu mu Seputembala, anthu asanagule mbewu.